Tifunseni za Kadyedwe: Masamba ndi zipatso kasanu pa tsiku, n'zotheka mu Blantyre muno?

Makalata ambiri a mwezi uno akukhudza uthenga womwe ukumveka pa wailesi, kusikelo ndi m'zipatala, wolimbikitsa anthu kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso zochuluka. Alangizi athu a kadyedwe asankhapo angapo n'kuwayankha.

FUNSO: Kusikelo amatiuza kuti tizidya masamba ndi zipatso kasanu pa tsiku. Kwathu timaphika kawiri, masana ndi madzulo, ndipo masamba sasowa pambale. Kasanu kameneka n'kotani? Mayi wa ana anayi, Ndirande

YANKHO: Mayi, mawu oti "kasanu" asokoneza anthu ambiri. Sakutanthauza kuyatsa mbaula kasanu. Mu 2003 mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi pa dziko lonse a WHO ndi FAO analangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Akagawa 400 pasanu, gawo lililonse limakhala magalamu 80, ndipo "kasanu" anachokera pamenepo. Magawo asanuwo mutha kuwadya pa chakudya chiwiri kapena chitatu.

Popeza m'khitchini simukhala sikelo, yezani chonchi: nthochi imodzi ndi gawo limodzi, lalanje limodzi ndi gawo, chimodzimodzi gwafa limodzi lalikulu, manachesi awiri ang'onoang'ono, tomato mmodzi wamkulu, kapena chibenthu cha papaya chodzaza chikhatho. Masamba ophika, gawo limodzi ndi masupuni akuluakulu atatu odzaza bwino, pafupifupi theka la kapu ya tiyi.

Tsopano yang'anani mbale ya kwanu. M'mabanja ambiri kamtolo kamodzi ka mpiru kamaphikiridwa anthu asanu ndi mmodzi. Masamba akalowa mu poto amanyala n'kutsala pang'ono, ndiye aliyense amapata supuni imodzi, yongothandizira nsima kutsika kukhosi. Vuto lathu lenileni lili pamenepa: masamba timadyadi tsiku ndi tsiku, koma ochepa zedi, ndipo zipatso timazitenga ngati za ana kapena za wodwala. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti anthu akuluakulu oposa 9 mwa 10 aliwonse safika pa magawo asanu, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Masamba ndi zipatso zili ndi mchere wa potaziyamu womwe umathandiza kutsitsa BP, komanso zimapewetsa kudzimbidwa.

Tsiku lokwanira likhoza kuyenda motere: nthochi m'mawa pa phala, masana masupuni asanu ndi limodzi a nkhwani kapena bonongwe (amenewo ndi magawo awiri), gwafa chakumadzulo, kenako masupuni atatu a kabichi kapena repu pa chakudya chausiku. Kwa banja lanu, kumeneku n'kugula mitolo iwiri kapena itatu pomwe munkagula umodzi.

Dziwaninso kuti mbatata, chinangwa ndi mbatatesi siziwerengedwa. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya omwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, zimenezi zili m'gulu la zokhutitsa pamodzi ndi nsima ndi mpunga. Chipisi chokhala ndi kakabichi pamwamba sichikwanitsa ngakhale gawo limodzi. Zakumwa za m'mabotolo zojambulidwa lalanje pachikuto nazonso si zipatso, zambiri ndi madzi, shuga ndi fungo chabe.

FUNSO: Pa zithunzi za uthengawu ndimaona maapozi ndi mphesa. M'mashopu a m'tauni zimenezi mtengo wake ndi wosayamba. Kodi uthengawu si wa anthu a ndalama? Bambo wa ku Chirimba

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo opanga zithunzizo akulakwitsa akamaika patsogolo zipatso zochokera ku South Africa pamene misika yathu yadzaza ndi zathu. Apozi ndi chipatso chabwino, koma pa vitamini C sangafike pa gwafa. Pa kulemera kofanana, gwafa lili ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje katatu kapena kanayi, ndipo wa m'gwafa limodzi ndi wokwanira munthu wamkulu tsiku lonse. Mango akupsa ndi papaya zili ndi vitamini A, amene apozi alibe n'komwe wokwanira kumutchula.

Nzeru ndi kutsata nyengo. Kuyambira Novembala mpaka Januwale kumakhala mango ndi masuku. Mvula ikamapita kumapeto kumabwera magwafa ndi mapeyala. M'nyengo yozizira misika ya Limbe, Ndirande ndi Lunzu imadzaza ndi manachesi a ku Mwanza ndi malalanje, kenako masau ndi malambe ochokera ku chigwa cha Shire. Papaya amapezeka pafupifupi chaka chonse, ndipo Mulanje amatipatsa zinanazi. Chipatso chikakhala pa nyengo yake, mulu wake umatsika mtengo ndipo ogulitsa amaikapo basela. Nthochi zokha ndizo zakwera mosabwerera msanga, chifukwa matenda a chisaka anawononga minda yambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje, moti zambiri zomwe tikudya zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Nthochi zikadula, gulani chomwe chachuluka sabata imeneyo.

Ku masamba nkhani yake ndi yomweyo. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya, chitambe ndi kholowa, ndiwo zomwe ena amazinyoza kuti n'zakumudzi, zimaposa kabichi pa vitamini A ndi ayironi. Lamulo losavuta: tsamba likakhala lobiriwira kwambiri, michere yake imachulukanso. Kabichi woyera wam'kati ndiye wotsalira pa onsewa, ngakhale amasungika nthawi yaitali. M'dzinja chisoso ndi bonongwe zimamera zokha, koma musathyole m'mbali mwa ngalande, pafupi ndi zimbudzi kapena pamalo otayira zinyalala.

FUNSO: Apongozi anga amathira soda m'masamba aliwonse, ati kuti afewe msanga komanso aoneke obiriwira. Mlangizi wa zaumoyo anati soda amapha chakudya. Ndimvere ndani? Mayi wa ku Zingwangwa

YANKHO: Apongozi anu akunena zoona pa zomwe maso akuona. Soda ndi chidulo zimafewetsadi masamba msanga, zimasunga mtundu wobiriwira, ndipo makala amapita ochepa. Koma mlangizi akunena zomwe maso sangaone. Soda amawononga vitamini C pafupifupi yense komanso ena mwa mavitamini a gulu la B. Masamba amatuluka mu poto okongola koma atataya mbali yaikulu ya phindu lake. Soda alinso ndi sodiyamu, mchere womwewo umene anthu a BP amauzidwa kuti achepetse.

Zinthu zinanso zitatu zimawononga masamba m'makhitchini mwathu. Choyamba ndi kuwadula kenako n'kuwatsuka kapena kuwaviika m'madzi. Vitamini C amasungunuka m'madzi, ndiye amatuluka kudzera m'mabala a mpeni n'kutayidwa pamodzi ndi madziwo. Chachiwiri ndi kuphika ndi madzi ambiri n'kuwakhetsa. Chachitatu ndi kuwasiya pamoto mpaka atasanduka a mtundu wa khaki, kapena kuphika m'mawa n'kumatenthetsa mobwerezabwereza mpaka usiku.

Kaphikidwe kosunga michere n'kotere. Tsukani masamba asanadulidwe, tsamba lililonse palokha. Aduleni nthawi yophika itakwana, osati m'mawa. Mukagula odulidwa kale kumsika, dziwani kuti ataya kale mbali ina ndipo kuwatsuka bwino n'kovuta. Ikani madzi ochepa mu poto, osapitirira theka la kapu pa mitolo iwiri, ayambe awira musanaike masamba. Vundikirani. Bonongwe, mpiru, repu ndi kholowa zimapsa m'mphindi 5 mpaka 10. Nkhwani mukasadzula bwino n'kusankha nsonga zanthete, sizifuna soda ayi, mphindi 10 mpaka 15 zakwana. Tomato muikeni chakumapeto. Msuzi wotsala musataye, ndiwo wanyamula michere yomwe yatuluka m'masambamo.

Musaiwale mafuta. Vitamini A wa m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono. Supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta ophikira pa poto wa banja zakwana, kapena tenderani ndi nsinjiro masupuni atatu kapena anayi. Kutendera ndi luso labwino koposa lomwe makolo athu anatisiyira: nsinjiro zimabweretsa mafuta komanso zomanga thupi m'mbale imodzi. Onetsetsani kuti mtedza wake ndi wosankhidwa, wopanda chuku, chifukwa mtedza wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Mchere ukhale wochepa: WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo.

Chigwada chili ndi lamulo lakelake, ndipo apa musafupikitse nthawi. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe. Asinjeni mu mtondo mpaka alale, kenako awiritseni osavundikira kwa mphindi zosachepera 30 kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Kusinja kokwanira ndiko kumafewetsa chigwada, osati soda. Therere la denje kapena chewe tikudziwa kuti ambiri sangalimve kukoma popanda chidulo. Likakhala la apo ndi apo palibe vuto lalikulu, bola kachidulo kachepe ndipo tsikulo mudyenso chipatso.

Apongozi musawatsutse pagulu. Aphikireni nkhwani zanthete zotendera zopanda soda tsiku lina, alawe okha.

FUNSO: Chichitikireni kolera uja ndimaopa kudya zipatso za mumsika ndi saladi. Komanso tomato wina amabwera ndi zoyera pakhungu. Titani? Mnyamata wa pa koleji, Chichiri

YANKHO: Achimwene, mantha anu ali ndi maziko. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Masamba ena ogulitsidwa mu mzinda uno amathiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yodutsa m'makwalala odzaza anthu ndi m'mafakitale, ndipo kumsika amawazidwa madzi omwe simukudziwa kochokera. Koma yankho lake ndi kutsuka ndi kuphika, osati kusiya kudya.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo. Tsukani zipatso ndi madzi a pampopi oyenderera, kapena othira kuchokera mu jagi, mukuzipukuta ndi zala. Kutsukira zonse m'beseni limodzi la madzi osasintha kumangosamutsa litsiro kuchoka pa chipatso china kupita pa chinzake. Ngati madzi anu ndi a pachitsime, thiranimo mankhwala a kulorini monga WaterGuard motsata muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanawagwiritse ntchito. Chipatso chosenda monga lalanje, mango kapena papaya chitsukeni musanachisende, chifukwa mpeni umatenga tizilombo pakhungu n'kutilowetsa mkati. Zinanazi ndi mavwende odulidwa kale, oyalidwa pamsewu ntchentche zikuterapo, zisiyeni. Gulani chathunthu mukadule nokha. Kukabuka kolera kapena m'nyengo ya mvula yamphamvu, masamba onse aphikidwe, saladi wa m'malo odyera adikire kaye.

Zoyera kapena zachikasu za pa tomato nthawi zambiri ndi mankhwala opopera oteteza ku matenda a chiwawu. Mankhwala aliwonse ali ndi masiku olembedwa pa chikuto oyenera kudikira mlimi asanakolole, koma ena sadikira, ndipo ena amapopera dala atatsala pang'ono kuthyola poganiza kuti tomato sawola msanga. Sankhani wopanda zoyerazo. Mukagula, mutsukeni mopukuta pamadzi oyenderera, ndipo mukafuna kusamala kwambiri mumizeni m'madzi owira kwa theka la mphindi n'kusenda khungu. Kabichi muchotseni masamba awiri kapena atatu akunja. Sopo wochapira zovala musatsukire chakudya.

FUNSO: Ndili ndi matenda a shuga. Anzanga akuti ndisayerekeze kudya zipatso chifukwa n'zotsekemera. Agogo a ku Chilomoni

YANKHO: Agogo, anzanuwo akukumanani chakudya chomwe thupi lanu likufuna. Shuga wa m'chipatso chathunthu amalowa m'magazi pang'onopang'ono poyerekeza ndi wa mu zakumwa, chifukwa amabwera pamodzi ndi zotsakamira zomwe zimachedwetsa kugayika. Chofunika ndi muyezo. Idyani gawo limodzi pa nthawi, magawo awiri kapena atatu pa tsiku, motalikitsa nthawi. Gwafa, lalanje, nachesi ndi peyala n'zabwino. Nthochi ikhale yaing'ono komanso yosapsetsa. Mango ndiwo amapweteketsa ambiri mu Disembala, chifukwa munthu amakhala pansi ndi beseni n'kudya asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Limodzi laling'ono, kapena theka la lalikulu, lakwana. Juwisi, ngakhale wofinya nokha, mupeweni: kapu imodzi imatenga malalanje atatu kapena anayi, zotsakamira zonse zitatsala mu sefa. Malambe mukawathira shuga asanduka chakumwa chotsekemera ngati zina zonse.

Masamba idyani momasuka, atenge theka la mbale, nsima ichepe. Pali anthu a mitundu iwiri oyenera kufunsa kaye dokotala wawo. Amene impso zawo zafooka sangathe kutulutsa potaziyamu wochuluka wa mu nthochi, mapeyala ndi tomato. Amene akumwa mankhwala a warfarin, oletsa magazi kuundana, asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba obiriwira omwe amadya, chifukwa vitamini K amasokoneza mphamvu ya mankhwalawo. Mukapita ku kiliniki ya shuga ku Queen Elizabeth kapena ku chipatala cha kwanu, nenani zomwe mumadya pa tsiku. Ndipo masamba, ngakhale chammwamba chomwe ena amachitama, salowa m'malo mwa mankhwala anu.

FUNSO: Ndine woyembekezera ndipo anandipeza ndi magazi ochepa. Kodi masamba okha angabwezeretse magazi? Mayi wa ku Bangwe

YANKHO: Ayi, mayi, okha sangakwanitse. Ayironi wa m'masamba amalowa m'thupi movutirapo kusiyana ndi wa mu nyama, chiwindi kapena usipa. Pitirizani kumwa mapiritsi owonjezera magazi omwe anakupatsani kusikelo. Kuti ayironi wa mu bonongwe ndi nyemba alowe bwino, idyani lalanje, gwafa kapena tomato pa chakudya chomwecho, kapena finyirani ndimu m'ndiwo zitaphulidwa. Tiyi amatsekereza ayironi, ndiye mumweni patadutsa ola limodzi kapena awiri mutadya.

FUNSO: Mwana wanga wa miyezi 8 ndimamupatsa phala ndi msuzi wa ndiwo. Masamba enieniwo ndiyambe liti? Mkulu wake wa zaka zinayi amawakana. Mayi wa ku Mbayani

YANKHO: Yambani lero. Kuyambira miyezi 6 mwana akhoza kudya masamba ndi zipatso, akupitiriza kuyamwa. Msuzi wokha sukwanira, chakudya chenicheni chimatsala mu poto. Tengani supuni imodzi kapena ziwiri za masamba ophika bwino, zisinjeni kapena kuzipota mpaka zisalale, n'kusakaniza m'phala pamodzi ndi supuni ya nsinjiro. Phala likhale lolimba moti silikuyenderera pa supuni mukaipendeka. Dzungu, papaya, peyala, nthochi ndi mango akupsa mungozinyenya ndi foloko. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili m'gulu la zokhutitsa koma ndi yodzaza ndi vitamini A, choncho kwa mwana ndi yamtengo wapatali. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyambira masupuni awiri kapena atatu mpaka kufika theka la kapu. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi. Masau ndi masuku muzichotsa nthangala, zingamutsamwe.

Nkhaniyi timaitenga mwamphamvu chifukwa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali okwinimbira, ndipo kukwinimbira kumayamba mwana asanakwanitse zaka ziwiri.

Wa zaka zinayiyo musamumenye kapena kumunyengerera ndi switi. Ana ambiri amayamba kulandira chakudya chatsopano atachiona pambale kakhumi kapena kuposerapo. Mpiru ndi luni zimawawa, yambani ndi nkhwani zotendera kapena kholowa. Chepetsani zokazinga za m'mapaketi chakudya chisanakwane, chifukwa zimamutseka njala. Mupatseni mbale yakeyake kuti muone zomwe wadya, ndipo abambo ake azidya masambawo iye akuona.

FUNSO: Mwezi wa Okutobala masamba amasowa n'kudula. Ndimakhala nyumba ya lendi yopanda malo olima. Pali njira? Bambo wa ku Machinjiri

YANKHO: Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mfutso, wopangidwa pamene masamba ali mbwee m'miyezi ya Febuluwale mpaka Epulo. Sankhani chitambe, nkhwani kapena khwanya zanthete, zitsukeni, n'kuzifwafwaza m'madzi owira kale kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Kufwafwazaku kumaletsa masamba kuda ndi kutaya kukoma akamasungidwa. Akhetseni, ayanikeni mopyapyala pa lichero kapena pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo. Ambiri amalakwitsa apa poyanika padzuwa la phwee, pansi kapena pa malata, pomwe dzuwa limawononga vitamini A ndipo fumbi ndi nkhuku zimafikapo. Auma akamafumbutuka mukawafinya m'manja. Asungeni m'chigubu chouma chotseka bwino, kapena m'chikwatu chopachikidwa pamalo ouma. Mukasunga asanaumitsitse amachita chuku, ndipo mfutso wachuku ndi wotaya. Vitamini C amachepa kwambiri mu mfutso, koma ayironi ndi kashiamu zimatsala. Poti Okutobala amatsatana ndi nyengo ya mango, zipatso zidzakwaniritsa zoperewerazo.

Yachiwiri ndi dimba la m'thumba, lomwe limakwana pakhonde ndipo mukasamuka mumanyamula. Tengani thumba la makilogalamu 50. Sakanizani magawo awiri a dothi lapamwamba ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino, n'kuonjezera mchenga pang'ono ngati dothi ndi lamakande. Imikani chitini chobowola mbali zonse ziwiri pakati pa thumba, chidzazeni ndi timiyala, thirani dothi mozungulira, kenako kokerani chitinicho m'mwamba n'kubwereza mpaka thumba litadzaza. Mzere wa miyalawo ndiwo umatsitsa madzi mpaka pansi. Boolani mabowo m'mbali motalikana masentimita 15 mpaka 20, n'kuokeramo mbande za repu kapena mpiru, pamwamba n'kufesapo bonongwe. Thumba liime pomwe dzuwa limafika maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Thirirani pa miyalapo malita 3 mpaka 5 tsiku lililonse m'nyengo yotentha. Madzi otsukira masamba ndi mpunga ndi abwino, koma a sopo wochapira amawononga dothi.

Bonongwe amayamba kudyedwa pakatha masabata atatu kapena anayi, repu patatha pafupifupi mwezi chiokereni. Thyolani masamba akunsi, mtima muusiye kuti uziphukira. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, zisiyeni ziwole kaye miyezi iwiri kapena itatu. Nsabwe zikagwa pa repu, zifikiseni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi m'mawa musanaganize zogula mankhwala. Matumba atatu obzalidwa mosiyanitsa masabata awiri amapatsa banja laling'ono ndiwo kangapo pa sabata, ena akamatha ena akuyamba.